Kodi maso angachotse mantha amene nkhondo inasiya?

Papita zaka zoposa 30 chisainireni pangano la mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma ku Chidzolomondo m'boma la Macanga, monganso m'midzi ya ku Tsangano, alipobe anthu amene nkhondo siinawathere m'mutu. Masana amalima fodya, chimanga ndi mbatata monga wina aliyense, koma usiku tulo timawavuta, ndipo tikabwera timadza ndi maloto a moto ndi kuthawa. Tayala la galimoto likangophulika pamsewu, mtima umagunda ngati kuti mfuti zayambanso kulira.

Nkhondo ya pachiweniweni imene inayamba mu 1977 inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo enanso okwana 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Ambiri a m'chigawo chino cha Tete anakakhala ku Dedza, Ntcheu, Lilongwe ndi Mwanza. Bala lomwelo linatukusidwanso mu 2015 ndi 2016 pamene kuomberana kwa asilikali a boma ndi a Renamo m'madera a Tsangano ndi Moatize kunachititsa anthu zikwizikwi kuthawira ku Kapise m'boma la Mwanza, asanawasamutsire ku msasa wa Luwani ku Neno.

Madotolo amatcha vuto lotsalira m'maganizoli PTSD. Mwa njira zimene amachizira matendawa kunja kuno, pali ziwiri zodabwitsa kumva, pakuti sizidalira mapiritsi kapena jakisoni, koma maso a wodwalayo.

Yoyamba ndi EMDR, imene anayambitsa ndi mai wina wa ku America, Francine Shapiro. Iwo anafotokoza kuti tsiku lina mu 1987 akuyenda m'paki anazindikira kuti maganizo owasautsa ankachepa mphamvu maso awo akamayenda mwachangu uku ndi uku. Atayesa njirayi pa anthu ena, kuphatikizapo asilikali amene anamenya nkhondo ku Vietnam, anasindikiza zotsatira zake mu 1989.

Kachitidwe kake nkotere. Wochiza sayamba ndi maso ayi. Amayamba wamva mbiri ya munthuyo ndi kumuphunzitsa momwe angadzikhazikire mtima pansi mantha akakula. Kenako amamuuza kuti akumbukire chithunzi chimodzi cha zimene zinamuchitikira, anene kuti chikumuwawa bwanji pakati pa 0 ndi 10, ndinso kuti ululuwo akuumva pati m'thupi: pachifuwa, m'mimba kapena pakhosi. Apo tsono wochiza amayendetsa zala zake kumanja ndi kumanzere, wodwala nkumazitsata ndi maso kwa masekondi ngati 30. Amapumula, wodwala amanena mwachidule chimene chamubwerera, nkuyambiranso. Kukumana kumodzi kumatenga ola kapena ola ndi theka, ndipo kawirikawiri pamafunika kukumana ka 6 mpaka ka 12.

Akatswiri sagwirizana kwenikweni chifukwa chake izi zimathandiza. Ofufuza a ku Utrecht m'dziko la Netherlands, Marcel van den Hout ndi Iris Engelhard, ati bongo sungasenze akatundu awiri olemera nthawi imodzi. Munthu akamatsata zala uku akukumbukira zoopsa, chithunzicho chimazilala, ndipo chikabwerera posungira chimabwerera chitachepa ukali. Ena amati chimene chimachiza ndi kuyang'anizana ndi chikumbutsocho uli pamalo otetezeka, maso angokhala ndiwo zapambali. Mkanganowo ulipo ndithu, komabe mu 2013 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika EMDR m'gulu la njira zimene limavomereza pochiza PTSD.

Njira yachiwiri ndi mphukira ya yoyambayo ndipo dzina lake ndi Brainspotting. Mwini wake ndi David Grand wa ku New York, yemwe poyamba ankachiza ndi EMDR. Malinga ndi kufotokoza kwake, mu 2003 ankathandiza mtsikana wa zaka 16 wochita masewera otsetsereka pa madzi oundana, amene ankalephera kadumphidwe kena. Akuyendetsa chala pang'onopang'ono, anaona maso a mtsikanayo akunjenjemera pamalo amodzi. M'malo mopitiriza anaimika chalacho pomwepo, ndipo mtsikanayo anayamba kukhuthula zowawa zakale zimene anali asanazinenepo.

Kuchokera apo Grand amaphunzitsa kuti komwe munthu wayang'ana kumakhudza momwe akumvera mumtima. Wochiza amagwira kandodo ngati kamene aphunzitsi amalozera pa bolodi, nkufufuza malo amene maso a wodwala amaphethira kwambiri, kapena pamene mpweya wake usintha. Akawapeza, wodwala amangoyang'anitsitsa pamenepo kwa mphindi zambiri, osalankhula zambiri, nkumamvetsera zimene thupi likuchita. Buku lake lofotokoza njirayi linatuluka mu 2013.

Pamenepa mpofunika kusiyanitsa bwino. EMDR yayesedwa kambirimbiri poyerekeza magulu a odwala, ena olandira chithandizocho, ena ayi. Brainspotting yayesedwa kochepa, pa anthu owerengeka, ndipo siili pa mndandanda uja wa WHO. Zimene eni ake amanena, zoti malo a maso amatsegula khomo la mkatikati mwa bongo, ndi maganizo chabe amene sanatsimikizidwe. Pa intaneti pali ambiri oitamanda, koma ochuluka mwa iwo ndi omwe amagulitsa maphunziro ake.

Nanga nkhani ya ku New York ikukhudza bwanji munthu wa ku Chidzolomondo? Yankho lagona pa kusalankhula. Njira zambiri za azungu zimafuna kuti munthu afotokoze chilichonse chimene anaona, pamene kuno kwathu anthu ambiri savomera kufukula zakale, makamaka pamene wolakwa ndi wolakwiridwa akutunga madzi pachitsime chimodzi. Nkhondo itatha panalibe komiti yofufuza zoona monga ya ku South Africa. Nyumba ya malamulo inapereka chikhululukiro kwa onse mu 1992, ndipo anthu anabwerera kukamanga m'mabwinja mwawo ali chete.

Katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Alcinda Honwana, analemba za miyambo imene mabanja ankachitira ana obwera kunkhondo, makamaka kummwera kwa dziko lino. Mwana sankalowa m'nyumba asanasambitsidwe ndi mankhwala, zovala zake za kutchire zinkatenthedwa, ndipo ankamulangiza kuti asacheukenso kapena kukamba za kumeneko, poopa kuitana mizimu yoipa. Nayenso Victor Igreja ndi anzake anayesa ku Gorongosa m'chigawo cha Sofala njira yoti opulumuka nkhondo azipereka umboni wa zimene anaona. Zotsatira zimene anasindikiza mu 2004 zinaonetsa kuti amene anapereka umboni ndi amene sanapereke, onse anapezako bwino mosasiyana kwenikweni.

Mpamene EMDR ikuoneka kuti ingagwirizane ndi anthu a kuno, pakuti ngakhale WHO inanena kuti njirayi siifuna kuti wodwala afotokoze mwatsatanetsatane zimene zinachitika. Mai amene anachitidwa zamanyazi nthawi ya nkhondo angathandizidwe popanda kutchula dzina la munthu kapena kunena liwu limene pakamwa pake sipangalole.

Vuto ndi anthu odziwa ntchitoyi. Imafuna wochiza amene anaphunzira za maganizo nkuwonjezerapo maphunziro apadera, ndipo otere m'dziko muno ndi ochepa, ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. Chimene unduna wa zaumoyo unachita ndi kuyamba, mu 1996, kuphunzitsa anthu otchedwa técnicos de psiquiatria, ndipo pofika 2014 maboma onse anali ndi mmodzi kapena kuposerapo. Iwowa amaona odwala khunyu, misala, uchidakwa ndi matenda oganiza kwambiri.

Poona kuti chofunika ndi zala kapena kandodo basi, wina angaganize zoyesa yekha kunyumba, kapena kuyamba kulipiritsa anthu. Izi nzoopsa. Chikumbutso chikatseguka popanda wodziwa kuchitseka, munthu amatha kukhala masiku osagona, kuyamba kumwa kachasu mopyola muyeso, ngakhale kuganiza zodzipha. Nchifukwa chake mu EMDR gawo la maso limabwera pambuyo pa kukonzekera kokwanira.

Amene ali ndi mbale wolota zoopsa usiku ndi usiku, wodzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, wopewa njira kapena malo ena, kapena wokamba zoti moyo wamukwana, ayenera kupita naye ku chipatala cha kwawo. Kumeneko angamutumize ku Furancungo, ku likulu la Tsangano kapena ku chipatala chachikulu cha chigawo mumzinda wa Tete. Wokamba zodzipha asasiyidwe yekha, ndipo mankhwala ophera tizilombo m'fodya ndi m'mbatata achotsedwe m'nyumba tsiku lomwelo.