Mau Olimbikitsana Pakati pa Ophunzira Uphungu

Mphunzitsi amene aphunzira uphungu wa ana a sukulu sasenza yekha zimene wamva. Pa nthawi yoikika akhala pansi ndi anzake pamodzi ndi woyang'anira wao, nafotokoza m'mene anachezera ndi mwana wovutika mumtima. Brigid Proctor wa ku Britain anaphunzitsa kuti msonkhano wotere uli ndi ntchito zitatu: kuphunzitsa, kusunga mwambo wa ntchito, ndi kutsitsimutsa wolema. Zonsezi zichitika ndi pakamwa. Chotero tiyeni tione mau ake.

Choyamba ndicho kubwereza. Carl Rogers, mwini buku la 1951 lotchedwa Client-Centered Therapy, anaphunzitsa kuti womvera azibweza kwa wolankhula chimene chili mumtima mwake. Wina akati, "Mwana uja anangoti duu, ine ndinasowa chonena," mnzake asafulumire kumlangiza, koma ati, "Ndiye kuti kukhala chete kwakeko kunakuthetsani nzeru." Pamenepo wolankhulayo adziwa kuti wamveka, napitiriza.

Chachiwiri ndicho kudzudzula kosachititsa manyazi. Kunena kuti "Munalakwa" kutseka mnzanu pakamwa, koma kufunsa kuti "Bwanji mukadayamba mwamfunsa za kunyumba?" kumpatsa poyambira. Kaphatikizo -kada- kaonetsa njira ina imene inalipo, osaloza munthu chala. Winanso afunsa kuti "Pamenepa tikadatani?" Poika ti- m'malo mwa mu-, agawa katunduyo kwa onse, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chachitatu ndicho kusunga chinsinsi. Dzina la mwana ndi la mudzi wake sizitchulidwa, angoti "mtsikana wina wa Sitandade 6."

Koma chenjerani, pakuti ulemu womwewo ukhoza kuphimba choipa. Munthu akati "Nkhaniyo sinaperekedwe kwa akulu," mneni wa -dwa wabisa amene anayenera kuipereka. Tsono ngati mwana anaulula kuti azunzidwa, lamulo la Malawi la 2010, Child Care, Protection and Justice Act, lifuna kuti nkhani yotere ifike kwa oyang'anira chisamaliro cha anthu kapena kwa apolisi. Apa woyang'anira asazungulire, afunse poyera: "Apite ndani, ndipo liti?" Inu amene mudzakhala aphungu, tonthozani mnzanu ndi mau ofatsa, koma za chitetezo cha mwana nenani mosapsatira.