Ulendo wa Awiri ku Maiko a Kum'mwera kwa Ulaya

Anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Diamphwe sali alendo pa nkhani ya maulendo, pakuti kuyambira masiku a makolo athu amuna a ku Mitundu ndi ku Nathenje ankatsika kumka ku Halale ndi ku Joni kukagwira ntchito m'minda ya Azungu ndi m'migodi, ndipo ngakhale boma linatseka Wenela m'chaka cha 1974, ndege yonyamula amuna athu itagwa ku Francistown, njira ya kum'mwera sinamere udzu kufikira lero. Koma maulendo onsewo anali a munthu mmodzi, ndiponso oyendera umphawi. Mkazi ankatsala pakhomo ndi khasu ndi ana, akudikira kalata. Ulendo woti mwamuna ndi mkazi wake anyamukire pamodzi, osati kukasaka ntchito kapena kukakhuza maliro, koma kukaona chabe ndi kukapemphera kumene anangokumva m'maulaliki, ndicho chinthu chatsopano pakati pathu. Komabe alipo lero amene akuulingalira: aphunzitsi opuma amene alandira ndalama zawo, ogwira ntchito pa Bunda, alimi a fodya amene chaka chawakomera, ndi makolo amene ana awo a kunja afuna kuwathokoza asanatsikire kulichete. Ambiri a iwo mtima wawo uli ku Roma.

Vuto loyamba limabadwa tsiku limene mwana awatsegulira mapu pa foni. Poona kuti Roma, Venice, Barcelona, Madrid, Lisbon ndi Athens zakhala moyandikana pa kagalasi kosakwana chikhatho, bambo amayamba kuwerenga ndi chala, nati popeza ndalama ya ndege yatuluka kale, ndi bwino kuiponda mizinda yonseyo m'sabata ziwiri, kuti pobwera pasakhale munthu wofunsa za mzinda umene iwo sanaufike. Apa ndipo pagona mwambi wa akulu, wakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kusamuka kulikonse, ngakhale sitima ikhale yothamanga chotani, kumadya theka la tsiku kapena kuposa, pakuti pali kumanga katundu, kutuluka m'nyumba ya alendo m'mawa, kufunafuna siteshoni m'chinenero chachilendo, ndi kudikira kufikira masana kuti chipinda chatsopano chitseguke. Kotero kuti banja logona m'mizinda 7 m'masiku 14 limabwerako likudziwa bwino masiteshoni ndi mabwalo a ndege, koma mizindayo litangoisuzumira. Uphungu wanga ndi wakuti m'sabata ziwiri malo ogona asapitirire anayi, ndipo mzinda waukulu uliwonse upatsidwe mausiku atatu kapena kuposerapo.

Tisananene za mizinda, tiyambe ndi nyengo, chifukwa kwa munthu wa kwathu mwini ulendo ndi munda. Msika wa fodya ku Kanengo umatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo ndalama zimagwirika m'manja pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Wosadziwa angayese kuti Julaye ndi Ogasiti ndiyo miyezi yonyamukira, popeza kuno kuli chisanu ndipo nkhokwe zadzaza. Koma pamene ife tikuotha moto, ku Italy, Spain ndi Greece dzuwa limakhala likuswa mtengo, anthu a maiko onse atakhamukira komweko, mitengo ya zipinda itakwera. Ndipo cha pa 15 Ogasiti eni dziko a ku Italy amatseka masitolo ambiri ang'onoang'ono kumka kunyanja kukapuma. Nthawi yokoma ndi kumapeto kwa Seputembala kufikira pakati pa Okutobala, pamene kutentha kwaphwa koma chisanu sichinafike, ndiponso kuno mvula yodzalira isanagwe. Inde, ndi masiku omwewo amene nazale ya fodya imafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo madimba a m'mbali mwa mtsinje sadziwa kuti mwini wake ali ku Ulaya. Tsono munthu wokhulupirika wosiyira keni ndi makiyi asankhidwe tikiti isanagulidwe, osati usiku wotsanzikana.

Chotsatira ndi chilolezo cholowera, ndipo apa safunsa anadya phula. Italy, Spain, Portugal ndi Greece ali m'gulu la maiko otchedwa Schengen, amene visa yawo ndi imodzi, kotero kuti wolowera ku Roma akhoza kupitirira ku Lisbon popanda kupempha ina. Lamulo lake ndi lakuti mupemphe kwa dziko limene mudzagonamo masiku ambiri, ndipo ngati masiku ali ofanana, kwa dziko limene mudzayambe kuponda. N'chifukwa chake ndondomeko ya mizinda iyenera kukhazikika pepala lisanalembedwe, pakuti woipempha kwa dziko lolakwika amabwezedwa. Pempho limalandiridwa kuyambira miyezi 6 ulendo usanafike, ndipo lisachedwe kuposa masiku 15. Mtengo wake kuyambira mu Juni 2024 ndi mayuro 90 munthu wamkulu aliyense, ndalama imene sibwezedwa ngakhale atakukanani. Amafuna pasipoti imene idzakhalabe yamoyo miyezi itatu mutatuluka m'maiko awo, inshulansi ya matenda yofika mayuro 30,000, umboni wa kumene mudzagone usiku uliwonse, ndi mapepala a ku banki. Amatenganso zidindo za zala, kotero kuti aliyense wa awiriwo ayenera kukaonekera yekha. Kazembe wa Italy woyang'anira Malawi amakhala ku Lusaka, ndipo popeza maiko amenewa amaimirirana pa ntchito ya mavisa, funsani msanga kumene pempho lanu liyenera kuperekedwa chaka chimenecho.

Chimene a ku ofesiyo afuna kutsimikiza koposa zonse ndi chakuti mudzabwerera kwanu. Kalata ya kuntchito, mapepala a nyumba kapena a munda, malisiti a fodya, zonsezi zimalankhula mokweza kuposa malumbiro. Ndipo mabanja ambiri a kwathu, amene anamangidwa ndi ankhoswe zaka makumi atatu zapitazo ndipo mudzi wonse ukuwadziwa, amadzidzimuka pozindikira kuti alibe pepala losonyeza kuti ndi banja. Ngati ndalama zonse zili m'buku la bambo, setifiketi ya ukwati ndiyo idzaimire mayi.

Za ndalama sindichulukitsa mawu, pakuti aliyense akudziwa mmene kwacha inagwera mu Novembala 2023, pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndi mmene ndalama zakunja zimavutira m'mabanki. Maiko anayi aja onse amagwiritsa ntchito yuro. Yambani kupempha ku banki visa ikangotuluka, ndipo zimene zingalipiridwe muli kuno, monga zipinda ndi matikiti a sitima, zilipiridwiretu. Kumbukiraninso kuti mizinda ngati Roma ndi Lisbon imadula kamsonkho pa mlendo aliyense usiku uliwonse, kamene nthawi zambiri sikakhala m'mtengo wa chipinda.

Tsono titenge banja lachikatolika la ku Mlale kapena ku parishi ya Nathenje, limene lakwera ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, lasintha ku Addis Ababa, ndipo latera pa Fiumicino. Roma apatsidwe mausiku asanu, ndipo tsiku loyamba likhale logona ndi kuzolowera misewu yoyandikira, chifukwa munthu wochezera m'ndege saona kanthu ngakhale maso ali chitsegukire. Sabatayo ikonzedwe mozungulira masiku awiri: Lachitatu, pamene Papa amakumana ndi anthu, ndipo matikiti ake ndi aulere koma amapemphedwa pasadakhale, ndi Lamulungu masana, pamene amatsogolera pemphero la Angelus pa bwalo la Petulo Woyera. Akulu amene anaona Yohane Paulo II atabwera kuno mu Meyi 1989 adzaona wina tsopano, Leo XIV, amene anasankhidwa pa 8 Meyi 2025. Nyumba zosungiramo zakale za Vatican zimatsekedwa Lamulungu, kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi pamene amalowetsa ulere, koma tsikulo mzere wake ndi wofooketsa mawondo, ndipo nkwabwino kugula tikiti pa intaneti ya tsiku lina. Colosseum, imene inatsegulidwa m'chaka cha 80, idye m'mawa wake wokha. Koma malo amene ine ndingaumirize banja lililonse, la mpingo uliwonse, ndi tchalitchi cha Paulo Woyera kunja kwa malinga a mzinda, kumene kuli manda a mtumwiyo, pakuti kumeneko khamu ndi lochepa ndipo munthu akhoza kukhala pansi n'kupemphera osakankhidwa. Pa zovala amayi athu sadzavutika, popeza lamulo la m'matchalitchi ndi lakuti mapewa ndi mawondo abisike. Chitenje chimodzi m'chikwama chimatha mlandu wonse.

Kuchokera ku Roma, Assisi ndi ulendo wa maola awiri kapena kuposerapo pang'ono pa sitima, koma siteshoni ili m'chigwa, pa Santa Maria degli Angeli, ndipo mudzi wa Fransisko Woyera uli paphiri, wokwera pa basi. Iye anamwalira pa 3 Okutobala 1226, ndipo chikondwerero chake ndi pa 4 Okutobala. Mausiku awiri akwana. Florence ali pa ola limodzi ndi theka kuchokera ku Roma pa sitima zothamanga za Frecciarossa kapena Italo, zimene tikiti yake imatsika mtengo mukaigula kudakali milungu. Ndi mzinda wa zojambula ndi zosema, wokongola ndithu, koma ngati ndalama kapena miyendo yayamba kudandaula, ndiwo woyamba kuuchotsa pa mndandanda.

Ku Portugal pitani pa ndege, ulendo wa maola atatu kuchokera ku Roma, ndipo musanyengedwe ndi mtengo wotsika wa makampani ngati Ryanair, pakuti sutikesi imalipiridwa payokha, ndipo wofika nayo pa bwalo asanailipire amadulidwa mowirikiza. Fatima ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kumpoto kwa Lisbon, ola limodzi ndi theka pa basi yochokera pa Sete Rios. Masiku ake aakulu ndi 13 Meyi ndi 13 Okutobala, pokumbukira zimene ana atatu oweta nkhosa ananena kuti anaona m'chaka cha 1917. Motero banja lofika ku Roma kumapeto kwa Seputembala likhoza kukhala ku Assisi pa 4 Okutobala ndi ku Fatima pa 13 Okutobala, malinga ngati zipinda zinagwiridwa kudakali miyezi. Lisbon yemwe asangodutsidwa, chifukwa mbiri yake inakhudza yathu: pa Belém ndi pamene Vasco da Gama ananyamukira mu 1497 kuzungulira Africa, ndipo a mtundu wake ndiwo anadzakhala ku Tete, kumene Gaspar Bocarro anachokera mu 1616 podutsa m'dziko la Amaravi kumka ku Kilwa. Banja la Nkhoma Sinodi, limene Fatima salikoka mtima, likhoza kutembenukira kum'mawa m'malo mwake, maola awiri pa ndege kuchokera ku Roma kumka ku Athens, kukaima pa Areopagus pamene Paulo analalikira, ndi kukaona mabwinja a Corinth, makilomita pafupifupi 80 kuchokera pamenepo. Koma lisankhe mbali imodzi, kum'mawa kapena kumadzulo, osati zonse ziwiri.

Akulu anati kuyenda awiri si mantha, komatu mawuwa ndi oona kwa okhawo amene anakhala pansi n'kupangana. Chizolowezi cha kwathu, choti bambo atsogole ndi mayi atsate pambuyo atasenza, sichipindula m'misewu ya miyala ya Roma kapena pa zitunda za Lisbon, kumene liwiro la ulendo liyenera kukhala la iye amene bondo lake limatupa msanga. Mayi a kunyumba afunsidwe chimene iwo afuna kuona, ndipo ngati ayankha mwaulemu kuti "zili kwa inu, bambo", afunsidwenso mawa, pakuti kawirikawiri pamakhala msika wa nsalu kapena manda a woyera wina amene akhala akuwalota osanena. Aliyense asunge pasipoti yake ndi gawo la ndalama m'kati mwa zovala, chifukwa opisa m'matumba amachuluka m'mabasi ndi m'sitima za pansi pa nthaka. Aliyense akhalenso ndi kapepala kolembedwa dzina la nyumba imene akugona, kuti chitseko cha sitima chikawalekanitsa adziwe pokakumana. Ndipo tsiku limodzi pa masiku anayi lisiyidwe lopanda chochita.

Zotsala ndi zing'onozing'ono, koma zimapweteka wosazidziwa. Magalimoto kumeneko amayenda kudzanja lamanja, motero podutsa msewu yambani kuyang'ana kumanzere. Mapulagi awo ndi a mano awiri obulungira, ndipo chosinthira chake gulirani kuno. Tikiti ya pepala ya sitima za m'madera ku Italy imadindidwa pa kamakina musanakwere, apo ayi ndi chindapusa. Madzi a m'mipopi ya m'misewu ya Roma ndi akumwa ndiponso aulere. Wosowa nsima afunse polenta, imene ndi nsima ya chimanga chachikasu, ngakhale imapezeka kwambiri kumpoto kwa Italy kusiyana ndi ku Roma. Poimbira ana, dziwani kuti kufikira Lamulungu lomaliza la Okutobala nthawi ya ku Italy ndi yofanana ndi yathu, pamene Portugal ali m'mbuyo ndi ola limodzi.

Pogula tikiti yaikulu, funsani ngati nkotheka kulowera ku Roma ndi kutulukira ku mzinda womalizira, kuti musalipire ulendo wobwerera m'mbuyo. Ngati sikutheka, ndipo ndege ya ku Lisbon kapena ku Athens munaigula payokha, bwererani ku Roma kutatsala tsiku ndi kugona pafupi ndi bwalo, chifukwa ndege yaing'onoyo ikachedwa, kampani ya ndege ya ku Addis Ababa ilibe mangawa ndi inu, ndipo tikiti ziwiri zatsopano zidzatuluka m'thumba lanu lomwe.