Mabwinja a ku Cato Manor ndi eni ake

Mlimi aliyense amadziwa kuti pathengo pamene pali mitengo ya mango yondandalikana bwino, pamenepo padali mudzi. Umu ndi momwe dera la Cato Manor, kumadzulo kwa mzinda wa Durban ku South Africa, linkaonekera pofika chaka cha 1968. M'zitunda monse mudali maziko a nyumba zogumulidwa ndi mitengo ya zipatso yopanda wothyola. Zimene zidatsala chiimire zidali nyumba zowerengeka, masitolo angapo, akachisi a Ahindu ndi holo yogulitsiramo mowa.

Dzina la derali lidachokera kwa George Cato, meya woyamba wa Durban. Pambuyo pake malowa adagulidwa pang'onopang'ono ndi Amwenye, ambiri mwa iwo omwe adabwera kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe kuyambira mu 1860. Iwo adatsegula madimba a ndiwo zamasamba ndi zipatso zimene ankagulitsa mumzinda. Anthu akuda odzafuna ntchito, omwe lamulo silinkawalola kukhala mumzinda mwaufulu, adayamba kuchita lendi timalo kwa alimiwa n'kumangapo zisakasa. Iwo ankatcha derali Umkhumbane, dzina la mtsinje wodutsa pamenepo. Kukhalira limodziku sikudali kwa mtendere nthawi zonse: zipolowe za mu Januwale 1949 pakati pa anthu akuda ndi Amwenye zidapha anthu 142 mu Durban, ndipo Cato Manor idakhudzidwa kwambiri.

Pa nyumba zonse zimene zidatsala, holo ya mowa ndiyo idali ndi mbiri yowawa koposa. Khonsolo ya mzinda idadzipatsa yokha mphamvu zofulula ndi kugulitsa mowa wa masese, ndipo phindu lake ndilo linkalipirira ulamuliro wopondereza anthu akuda omwewo. Mayi wofulula mowa pakhomo kuti adyetse ana ankaonedwa ngati chigawenga, ndipo apolisi ankamutayira mowa wake. Mu Juni 1959 amayi adatopa nazo. Adalowa m'holomo ndi ndodo, nathamangitsa amuna amene ankamwa. Mmodzi mwa atsogoleri awo adali Dorothy Nyembe. Mu Januwale 1960 khamu la anthu lidapha apolisi asanu ndi anayi omwe adabwera kudzasaka mowa.

Panthawiyi n'kuti boma la tsankho litalengeza kale mu 1958, potsata lamulo la Group Areas Act la 1950, kuti Cato Manor ndi dera la azungu. Anthu oposa 100,000 adasamutsidwa mokakamiza: akuda ku KwaMashu ndi ku Umlazi, Amwenye makamaka ku Chatsworth. Chodabwitsa n'chakuti azunguwo sadabwere kudzamanga pa gawo lalikulu la malowo. Madimba amene ankadyetsa mzinda adasanduka tchire kwa zaka pafupifupi 20.

Akachisi okha ndiwo sadasanduke mabwinja enieni, pakuti osamutsidwa ankabwererabe kudzapembedza. Kachisi wa Shree Ambalavaanar Alayam, wotchuka ndi mwambo woyenda pa makala a moto, adaikidwa m'gulu la malo otetezedwa a dziko mu 1980. Mlembi Ronnie Govender, yemwe adakulira komweko, adasunga moyo wa anthuwo m'buku lake la At the Edge and Other Cato Manor Stories.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anthu osowa pokhala adayamba kumanganso zisakasa pamabwinjapo. Bungwe la Cato Manor Development Association, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1993 ndipo lidalandira thandizo la European Union, lidamanga nyumba, misewu, masukulu ndi zipatala lisanatseke mu 2003. Koma ntchitoyi idakumana ndi funso lovuta lomwe alangizi a zachitukuko amalidziwa bwino: malo ndi a yani, wochotsedwa dzana kapena wokhalapo lero? Lamulo lobwezera malo la 1994 litadutsa, mabanja ambiri osamutsidwa adapereka madandaulo awo, pamene ena adali atamanga kale pa maziko a nyumba za makolo a odandaulawo.

Lero m'mphepete mwa mtsinje uja muli nyumba yosungiramo mbiri ya uMkhumbane, pafupi ndi manda a Mfumukazi Thomozile, mayi wa malemu Mfumu Goodwill Zwelithini, amene mafupa awo adaikidwanso pamenepo mu 2011. Chapafupi pomwepo, ku Cato Crest, mabanja ambiri akadali m'zisakasa.