Kiyi asunge ndani?

Anthu akamva kuti ndine mlangizi wa chitukuko, amaganiza kuti ntchito yanga ndi kubweretsa mapulojekiti. Ayi ndithu. Nthawi yanga yambiri imathera pa kafunso kakang'ono: kiyi wa nyumba ija asunge ndani?

Nyumba ndikunenayi ndi sukulu ya mkombaphala ya m'dera lina lomwe ndimayendera. Ndi chipinda chimodzi cha malata, ndipo njerwa zake anaumba ndi eni mudzi. M'mawa ana amaimba, kudya phala, dzuwa lisanafike paliwombo aweruka. Kale ana akangotuluka, alezi ankakhoma loko mpaka mawa. Koma pabwalo pomwepo amayi a banki mkhonde ankawerengera ndalama pansi pa mtengo wa mango, atapsinja makope awo ndi miyala kuopa mphepo. Mlangizi wa zaumoyo ankapachika sikelo ya ana panthambi ya mtengo womwewo. A sukulu ya kwacha ankangobalalika mvula ikayamba. Zinkandiwawa kuona nyumba yotseka, anthu akunyowa panja.

Njira yokonzera zoterezi ilipo kale. Kuyambira mu 1998, pomwe dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu, chitukuko chimayenera kudzera m'makomiti: VDC kwa gulupu, ADC kwa mfumu yaikulu, ndipo bungwe lobwera kumene limayamba lakaonekera ku DEC, ku khonsolo ya boma. Cholinga chake n'choti mabungwe adziwane, asamange zimbudzi ziwiri pamalo amodzi pomwe mudzi woyandikana nawo ulibe ndi mjigo womwe.

Pamapepala n'zosavuta. Nkhani imavutira pa tsache. Titagwirizana kuti magulu anayi aja azigawana chipindacho, sabata ziwiri sizinathe alezi anabwera kwa ine atakwiya. Anapeza makoko a mtedza pansi, choko chatha, mkeka wa ana wang'ambika. Anandifunsa kuti, "Alangizi, ife timagwira ntchitoyi mongodzipereka, ndiye tizisesanso za anzathu?" Ananena zoona. Tinakhalanso pansi pamaso pa a gulupu. Tinamata ndandanda wa masiku pachitseko, tinagula loko wa makiyi atatu, ndipo tinaika kope loti gulu lililonse lizilembamo mmene lapezera chipinda ndi mmene lachisiyira. Amayi a banki mkhonde anavomera kupatula kangachepe pogawana ndalama kumapeto a chaka, kuti tizigulira misomali ndi sopo. Mkangano unathera pomwepo.

Chimene ndimatsutsana nacho kwambiri ndi khalidwe la mabungwe ena lofuna nyumba yawoyawo ndi chikwangwani chawochawo. Pulojekiti ikatha, chikwangwani chimachita dzimbiri, nyumba n'kusanduka khola la mbuzi, chifukwa palibe wa m'mudzi amene ankaiona ngati yake. Namondwe wa Freddy atawononga maboma a kummwera mu Marichi 2023, anthu anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, malo amene anazolowera kale kulowamo popanda kupempha kwa mlendo.

Mwezi watha bungwe lina la achinyamata linapempha malo kwa a mfumu kuti limange ofesi. Ndinawatengera atsogoleri awo kuchitseko chija, n'kuwaonetsa ndandanda uja. Lachisanu masana panalibe dzina la gulu lililonse. Analembapo lawo, ndipo ndalama za njerwa za ofesi ija akuti agulira mabenchi.