Loya wopanda yunifolomu pa nkhani za asilikali

Magalimoto a asilikali si achilendo kwa anthu a ku Makokola. Amadutsa pamsewu wochokera ku Mangochi boma kulowera ku Monkey Bay, komwe kuli asilikali a pamadzi. Ndiye mwana wa sukulu akanena kuti akufuna kudzakhala loya wogwira ntchito ndi asilikali, akuluakulu sachedwa kumudula mawu: "Iwe, kumeneko salowako munthu wamba. Uyambe wameta mpala, ukagubuduke m'matope kusukulu ya asilikali ya MAFCO."

Akuluakuluwo sakunama kwenikweni. Gulu lankhondo la Malawi, MDF, lili ndi maloya akeake, ovala yunifolomu, a nyota paphewa. Wodziwika kwambiri ndi Brigadier General Dan Kuwali, yemwe anatsogolerapo nthambi ya zamalamulo ya gululi ndipo walemba zambiri pa malamulo a nkhondo. Wofuna njira imeneyo usilikali sangauzembe. Kungoti ntchito ya malamulo yokhudza asilikali ndi yaikulu kuposa ofesi imodzi ya ku Kamuzu Barracks.

Tiyerekeze kuti boti la asilikali ladula makoka a msodzi usiku, kapena galimoto yawo yagunda wa kabaza, ndipo wovulalayo akufuna chipukutamisozi. Mlandu wotere sapita nawo kubwalo la asilikali ayi. Umapita kukhoti wamba, ndipo lamulo limati wosumira boma asumire Attorney General, mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo, atayamba wapereka chidziwitso cholemba. Amene adzaime m'khoti kuyankhira boma kawirikawiri ndi loya wa ku Unduna wa Zachilungamo, munthu wovala suti, woti mwina mfuti sanaigwirepo chibadwire. Winanso woimira msodzi uja ndi munthu wamba, kaya wa kampani ya maloya kaya wa Legal Aid Bureau. Onse awiriwa tsiku limenelo akugwira ntchito yokhudza asilikali.

Ena amaganiza kuti loya wa asilikali amangokhalira kuzenga milandu anyamata othawa ntchito kapena onyozera lamulo la bwana. Milandu yotero ilipo, koma yambiri ndi ntchito ya patebulo, yosasangalatsa kuionera: mapangano ogulira chakudya ndi mafuta, mikangano ya malire pakati pa malo a asilikali ndi minda ya anthu, penshoni, ndalama za amayi amasiye. Mu 2013 asilikali athu anayamba kutumikira kum'mawa kwa DR Congo pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa, ndipo ena sanabwerere amoyo. Pamafunika munthu wowaphunzitsa Mapangano a ku Geneva a 1949 asananyamuke, wowauza momwe angasungire mdani wogwidwa ndi momwe angatetezere anthu wamba. Ngakhale nyanja yomwe tikuwedzamo chambo ili ndi nkhani yake: mkangano wa malire ndi Tanzania umabwerera ku pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, ndipo olimbana nalo ndi anthu a mabuku, osati a mizinga.

Chikhulupiriro chovuta kuchizula ndi chakuti lamulo la dziko limathera pageti la baraki. N'zomveka, makamaka kwa amene anakula nthawi ya chipani chimodzi, pamene yunifolomu inali yoopedwa osati yofunsidwa. Koma malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 amati asilikali nawonso ali pansi pa malamulowo. Msilikali woimbidwa mlandu sataya ufulu wa m'ndime 42 wokhala ndi womuimira, ndipo womuimirayo sayenera kuchita kukhala msilikali mnzake. Ine ndimaona kuti apa m'pamene loya wamba amafunika koposa, chifukwa alibe bwana wa nyota womuchitira sawasha mawa m'mawa.

Achinyamata owerenga pafoni amakumana ndi nkhani za ku America, komwe maofesi a zamalamulo a asilikali amalemba ntchito maloya wamba ambirimbiri mwachindunji. Gulu lathu ndi laling'ono, choncho khomo lotakata la munthu wamba ndi la ku Unduna wa Zachilungamo kapena la makampani a maloya. Msewu wake ndi womwe uja wa loya aliyense: kukhoza bwino MSCE, digiri ya malamulo monga ya ku University of Malawi ku Zomba, maphunziro a ku Malawi Institute of Legal Education, kenako kulumbira pamaso pa khoti ndi kulowa m'bungwe la Malawi Law Society.

Mwana wa ku Makokola ali ndi chida chomwe anzake ambiri m'kalasi sadzakhala nacho. Milandu imalembedwa m'Chingerezi, koma mboni ya pagombe imafotokoza m'Chiyao kapena m'Chichewa, ndipo loya wodziwa kusiyana kwa chilimila ndi khoka sadikira womasulira kuti amve chomwe chinaonongeka.