Zobisika mu Supa Team 4: mayina akatchulidwa, wa ku Nkhata Bay amamva msanga kuposa wa ku London

Mukakhala mu msika wa Nkhata Bay masana, pakati pa mabenchi a usipa, batala ndi chinangwa, simulephera kuona achinyamata ataunjikana pa foni imodzi. Nthawi zambiri chomwe akuonera ndi cha ku America, India kapena Korea, ndipo nthabwala zobisika m'menemo zimatidutsa chifukwa sanapangire ife. Koma pali katuni imodzi ya nkhani zopeka zasayansi yomwe zinthu zinatembenuka. Zobisika zake timazimva ndife.

Dzina lake ndi Supa Team 4, ndipo inayamba kuonetsedwa pa Netflix pa 20 July 2023. Anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia. Nkhani yake ikuchitikira mu Lusaka wa m'tsogolo, momwe atsikana anayi a ku sekondale akulembedwa ntchito yopulumutsa mzinda ndi Mama K, mayi yemwe kale anali kazitape wa boma.

Tiyambe ndi mayina, poti gawo loyamba lomwe ndi pomwe timakumana nawo. Komana, katswiri wopanga zipangizo, akavala zankhondo amatchedwa K-Bongo. Nanga bongo si womwewu uli m'mutumu? Zee, mtsikana wampira, ndi Za-Mpezi, ndipo aliyense amene anaonapo mphezi ikung'anima panyanja nthawi ya dzinja wadziwa kale kuti mwanayu ndi waliwiro. Temwe ndi T-Mlilo, kuchokera ku liwu la moto m'zilankhulo zingapo za ku Zambia monga Chibemba. Mzungu amangomva ngati mayina okoma m'khutu basi. Ife timadziwiratu khalidwe la munthu asanachite kanthu.

Mayina a makolo awo nawonso sanangotola. Zee ndi Phiri, mfunda womwe uli mbali zonse za malire, ku Chipata ngakhale ku Kasungu. Monde Wamunyima ndi dzina la Chilozi, Temwe Chiti la Chibemba, pomwe Komana Mwiinga ndi la Chitonga. Apa a ku Nkhata Bay musafulumire kunena kuti ndi mlongo wanu: Chitonga cha kummwera kwa Zambia ndi china, chosiyana ndi cha kuno kunyanja, ngakhale dzina ndi limodzi. Mfundo ndi yakuti timuyi ndi Zambia yense ataikidwa pamodzi.

Ndiye pali vuto lomwe likusautsa mzindawo: kuzimazima kwa magetsi. Mkulu wa kampani ya mphamvu m'nkhaniyi dzina lake ndi Lee Magedzee. Litchuleni mokweza. Mwamva? Magetsi! Kwa woonera wa kunja, mzinda kuchita mdima ndi zoopsa za m'filimu. Kwa wogulitsa nsomba yemwe furiji yake yazima, kapena mnyamata wometa yemwe makina amuthimira mutu wa kasitomala uli theka, imeneyo ndi nkhani ya dzulo lomweli.

Za kuseri kwa kamera nazo ndi zopatsa chidwi. Mulendema anatulukira kudzera mu mpikisano wa Story Lab womwe kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town inachititsa mu 2015. Ndiye kuti panadutsa zaka 8 kuti ganizo lake lifike pa sikirini. Poyamba dzina linali Mama K's Team 4. Olemba nkhani zake onse anali amayi ochokera m'maiko a mu Africa, maonekedwe a atsikanawa anawajambula ndi Malcolm Wope wa ku Cameroon, ndipo nyimbo yotsegulira anaimba ndi Sampa the Great, yemwe anabadwira ku Zambia. Iyi inali katuni yoyamba ya magawo yochokera mu Africa yomwe Netflix inaitanitsa yokha.

Mwina mukuti, ndi zidole chabe, za ana. Koma taganizani za mng'ono wanu amene mumam'bwereka foni madzulo. Ngati m'mafilimu onse onena za m'tsogolo mulibe Phiri, mulibe msika, mulibe chilankhulo chomwe amamva kwawo, iye amaphunzira mwakachetechete kuti tsogolo ndi la anthu ena. Mulendema anakula akuonera makatuni momwe munalibe womufanana, ndipo n'chomwe chinamukankha kulemba yake.

Zopangira nkhani ngati imeneyi kuno zilipo. Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ikakocheza usiku ndi nyali zake, katundu ndi anthu a ku Likoma ndi Chizumulu akutsika, ikusiyana pati ndi chombo cha m'mlengalenga chofika pa siteshoni? Nkhungu zikamakwera pamwamba pa madzi ngati utsi, wolemba wanzeru wapeza kale gawo loyamba.

Tsiku lomwe bando yakwana, kaonereni ndi ana a pakhomo, ndipo muwafunse kuti dzina lililonse likutanthauza chiyani. Mukatero muwafunsenso kuti ngwazi ya ku Nkhata Bay, yokulira kondowole, angaitche ndani.