Kumwa Kolajeni ndi Ma Probiotic Pamodzi: Zofunika Kufunsa Odwala

M'mafamase ndi pa intaneti mukugulitsidwa ufa ndi makapisozi a kolajeni komanso ma probiotic, ndipo ena akumamwa zonsezi tsiku limodzi. Kwa munthu wamkulu wathanzi, ziwirizi sizilimbana m'thupi chifukwa zimagwira ntchito mosiyana. Chiopsezo chimabwera malinga ndi amene akumwayo komanso mankhwala ena amene ali nawo.

Kolajeni ndi puloteni yochuluka kuposa ina iliyonse m'thupi la munthu. Imalimbitsa khungu, mafupa, mitsempha ndi chichereŵechereŵe cha m'mfundo. Yogulitsidwayo imachokera ku zikopa ndi mafupa a ng'ombe, nkhumba kapena nsomba. Ikafika m'mimba imagayidwa ngati zakudya zina zomanga thupi, n'kusanduka tizidutswa timene thupi limagwiritsa ntchito paliponse pofunika. Siyilunjika pakhungu kapena pa bondo lopweteka. Kuti thupi lipange kolajeni yakeyake limafuna vitamini C, amene amapezeka mu gwafa, malambe, malalanje ndi mandimu.

Ma probiotic ndi tizilombo tamoyo timene, munthu akamwa mlingo wokwanira, timapindulitsa thupi. Tanthauzoli linachokera kwa akatswiri a FAO ndi WHO mu 2001. Todziwika kwambiri ndi mabakiteriya a Lactobacillus ndi Bifidobacterium, ndiponso yisiti ya Saccharomyces boulardii. Popeza ndi tamoyo, timafa ndi kutentha. Ambiri amasungunula ufa wa kolajeni mu tiyi wotentha, ndiye akathiramonso ufa wa probiotic ndalama zawo zangopita padera.

Funso loyamba kwa wodwala likhale la mankhwala otalikitsa moyo. Kuyambira mu 2019, anthu ambiri amene ali pa ma ARV m'Malawi amamwa mankhwala okhala ndi dolutegravir. Kolajeni payokha sivuta, koma opanga ena amasakanizamo calcium, iron, zinc kapena magnesium. Michereyi imagwira dolutegravir m'matumbo n'kuchepetsa mlingo wolowa m'magazi, zomwe zingapatse kachilombo mpata wochulukana. Malangizo ake ndi kumwa dolutegravir maola 2 munthu asanamwe michereyi, kapena patapita maola 6. N'chifukwa chake wazaumoyo ayenera kuona botolo lenilenilo ndi kuwerenga zosakanizidwamo.

Lachiwiri ndi la chitetezo cha m'thupi. Kwa odwala Edzi yofika poipa, amene akulandira mankhwala a khansa, kapena amene anaikidwa kachubu m'mtsempha waukulu, tizilombo ta mu probiotic tingalowe m'magazi n'kuyambitsa matenda oopsa. Mu 2023 bungwe la FDA ku America linachenjeza zipatala za kupereka ma probiotic kwa ana obadwa masiku asanakwane, khanda lina litamwalira. Anthu oterewa asamwe pokhapokha dokotala atavomereza.

Lachitatu ndi la mankhwala opha tizilombo. Maantibayotiki angaphe mabakiteriya a mu probiotic, choncho ndi bwino kusiyanitsa ndi maola osachepera 2. Yisiti ija siyifa ndi maantibayotiki, koma imafooka ndi mankhwala a mafangasi monga fluconazole. Wodwala asasiye kapena kuchedwetsa mankhwala a kuchipatala pofuna kupereka mpata kwa probiotic.

Lachinayi ndi gwero la kolajeni. Amene thupi lawo limadana ndi nsomba apewe yochokera ku nsomba, ndipo amene sadya nkhumba ali ndi ufulu wodziwa zimene zili m'botolo.

Mwana akatsegula m'mimba, chithandizo chikadali Thanzi ORS ndi zinc kwa masiku 10 mpaka 14, kwinaku akuyamwa ndi kudya. Probiotic salowa m'malo mwa zimenezi, ndipo mayi asachedwe kupita kuchipatala podalira makapisozi ogula.

Odwala ambiri satchula zinthuzi chifukwa samaziwerengera ngati mankhwala. Alangizi a zaumoyo ndi odzipereka m'midzi azifunsa mwachindunji kuti, "Kodi pali ufa kapena makapisozi ena amene mukumwa?" Banja likakhala ndi ndalama zochepa, usipa, matemba, nyemba, mazira, chambiko ndi zipatso ndizo ziyenera kugulidwa poyamba. Vuto lililonse lobwera atamwa zinthuzi lilembedwe m'buku la kuchipatala la wodwalayo ndi kunenedwa ku bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA.